Timu Yathu ya pa Ayezi

Dikoda ya Likongwe inagwa pa shelefu mu Okutobala,
dzuwa likuswa mtengo.
Itadzuka inali itaiwala matchanelo onse
kupatula imodzi:
azibambo a nsapato za mipeni
akuthamangitsana pa madzi oundana,
ndodo m'manja, kulimbirana kabisiketi kakuda.

Sabata yoyamba tinaseka mpaka nthiti kuwawa.
Sabata yachitatu Gelesomu wa kabaza
anatsitsa kasitomala pa Biwi ulendo usanathe
kuti asaphonye chigawo chomaliza.

Tinasankha ovala zobiriwira
poti mpando wometera nawo ndi wobiriwira.
Maina awo anatikanika pa lilime,
ndiye tinawabatiza tokha:
wa nambala 9 ndi Chimphepo,
wopanda mano akutsogolo uja ndi Magweru,
goloboyi wovala matilesi thupi lonse ndi Loko.

Bambo Dzonzi, amene anapuma ntchito ku Kapitolo,
safuna kumva za Chimphepo.
Amati, mwana uyu ndi wodya yekha,
mnzake ali poyera akugogoda ndodo pansi,
iye maso tsi, ngati bwana wobisa fayilo.
Koma akachinya, oyamba kugwetsa chipewa ndi iwo omwe.

Nasiwelo amabwera ndi kulaboksi ya mafilizi.
Ndi yekhayo pakati pathu amene amagwira ayezi tsiku ndi tsiku,
choncho akayankhula timatchera khutu.
Amati, musiyeni Loko!
Otchinga kumbuyo apita kokayenda,
mukufuna munthu mmodzi atseke Msika wa Lizulu yekha?
Zigoli zisanu zija si zake,
zitatu n'za Magweru,
amene amakhalitsa m'kakhola ka chilango
kuposa mmene amakhalira kwa mkazi wake.

Gelesomu akuti kochi achoke.
Munthu wanji, timu ikumira
iye n'kumangotafuna chingamu, manja m'thumba la suti?
Likongwe akuti ayi, vuto ndi woyimbira,
ndipo akatero makina amaima m'malere.
Ine ndinayendapo masiku awiri ndi mutu wometa theka
chifukwa cha chigoli chimene anachikana.

Wanga ine ndi wa nambala 27.
Palibe anamupatsa dzina.
Ndevu zake zayamba imvi, liwiro linamuthera,
amangokolopa m'makona mmene anzake safikamo,
kupereka kabisiketi, n'kubwerera pa benchi akupuma wefuwefu.
Kamera simudziwa.
Amandikumbutsa bambo anga pa depoti ya basi,
zaka makumi awiri akukweza katundu wa eni.

Mu Disembala tinapambana kasanu kotsatizana,
Gelesomu anapenta njinga yake yobiriwira.
Mu Januwale tinagwa ngati khoma la zidina m'mvula ya ku Mtandire.
Chimphepo anathyoka bondo,
ndipo Bambo Dzonzi, adani ake aja,
anakhala masiku atatu osabwera.
Atabwera anangofunsa kuti, mwana uja akupeza bwanji?
ngati ife tinali titakamuzonda ku Sentulo.

Masewero otsiriza anafika chimanga chitauma m'mphepete mwa Lingadzi.
Tinadzaza barbashopu, ena pa zenera.
Ziwiri kwa ziwiri, kwatsala mphindi zinayi,
wa 27 uja walanda, wayang'ana, wakweza ndodo,
magetsi thii.

Mumdimamo palibe anatukwana.
Tinangomva madzi akudontha m'kulaboksi ya Nasiwelo.

M'mawa mwake tinamva kuti tinaluza.
Aliyense anali ndi chifukwa chake,
ndipo chifukwa chilichonse chinali ndi mwini.

Dzana kunabwera mnyamata wa ku Malangalanga,
sikuludiraiva kukhutu,
akuti dikodayi ndikonza, mpira weniweni ubwerere.
Likongwe anatiyang'ana m'galasi mmodzimmodzi.
Nasiwelo anati, nanga Loko timusiyira ndani?
Bambo Dzonzi anatsokomola, anati,
bondo lija lipola pofika Okutobala.

Mnyamata uja anametetsa,
analipira, anapita.